Ofuna makorali otchipa ayambe ayang'ana ku Chilumba

Pa masamba a mchezo a Facebook, TikTok ndi YouTube pamayenda makanema a mathanki agalasi odzaza madzi amchere, momwe zinthu zooneka ngati maluwa obiriwira, ofiira ndi apepo zimagwedezeka pang'onopang'ono, tinsomba tamawangamawanga tikulowa ndi kutuluka pakati pake. Zooneka ngati maluwazo ndi makorali. Munthu amene waona makanemawa ali ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Katoto, ndipo ali ndi kandalama kapadera, sachedwa kufunsa kumene angagule makorali oyambira pa mtengo wofikirika m'dziko momwe muno.

Yankho lake ndi lalifupi. M'madzi a dziko lino mulibe korali ngakhale mmodzi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700, koma madzi ake ndi opanda mchere, ndipo korali woikidwa m'madzi otere amafa tsiku lomwelo. Korali wamoyo aliyense amene angagulitsidwe ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ndiye kuti wachokera kunja, ndipo mtengo wake wasenza ndalama ya ndege, ya zilolezo komanso ya madola amene akusowa m'mabanki.

Komabe chimene wofunsa uja amalakalaka ndi kamudzi ka pansi pa madzi pabalaza pake: matanthwe, mapanga ndi zamoyo zamitundu yowala. Zimenezo zilipo kwathu konkuno, ndipo ena mwa malo otchuka nazo pa dziko lonse ali m'boma la Karonga, pa gombe loyambira ku Chilumba kukafika ku Ngara. Ku Germany, America ndi Japan anthu amalipira ndalama zambiri kuti aone m'nyumba zawo zimene mwana wa ku Chilumba amaziona akamasambira.

Korali ndi nyama

Korali amaoneka ngati chomera kapena mwala, koma ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono tofewa, ta banja limodzi ndi jellyfish, tokhala ndi kamwa lozunguliridwa ndi timanja. Makorali olimba amadzimangira chigoba cha laimu kuchokera ku kashiamu wosungunuka m'madzi. Zigoba zimenezi zikaunjikana kwa zaka zikwizikwi zimapanga matanthwe aakulu monga a ku Zanzibar ndi Mafia m'dziko la Tanzania, a ku Quirimbas ku Mozambique, kapena Great Barrier Reef ya ku Australia yomwe ndi yaitali makilomita 2,300. Matanthwewa satenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja zamchere, koma amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu ya zamoyo za m'nyanjazo.

Moyo wa korali, komanso mavuto a womuweta, zagona pa ndere zosaoneka ndi maso zimene zimakhala m'thupi mwake. Nderezi zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa monga amachitira masamba, n'kumagawana ndi korali, ndipo ndi zomwezo zimamupatsa mbali yaikulu ya mtundu wake. Madzi akatentha kupitirira mlingo wozolowereka ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali amazitulutsa nderezo, amayera mbee, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Izi zidachitika kwambiri m'chaka cha 1998 pa magombe a Kenya, Tanzania ndi Seychelles, ndipo mu April 2024 bungwe la ku America loona za nyengo ndi nyanja la NOAA lidalengeza kuti makorali akuyeranso pa dziko lonse kachinayi. Chimene chikupha korali m'nyanja ya Indian Ocean chingamuphe mosavuta m'thanki ya malita 200 mwezi wa October ku Karonga, kumene kutentha kumapitirira madigiri 35.

Oweta makorali amalangiza woyamba kumene kuti ayambe ndi ofewa, opanda chigoba cholimba, chifukwa amapirira. Odziwika ndi Discosoma wooneka ngati bowa, Sarcophyton wokhala ngati chikopa, Xenia amene timanja take timatseka ndi kutsegula tokha, ndi Zoanthus wooneka ngati timabatani tamitundumitundu. Kumene oweta alipo ambiri, monga ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, makorali amenewa amatchipa chifukwa sachokeranso m'nyanja. Munthu amadula kachidutswa ka korali wake, amakamatira pa kamwala, ndipo kakagwira amagulitsa kapena kusinthana ndi mnzake, monga timapatsirana mitengo ya chinangwa kapena kholowa wa mbatata. Kutchipa konseko kumadalira kuchuluka kwa oweta oyandikana, ndipo msika wotere m'dziko muno sunakhazikike.

Pali chenjezo limodzi limene makanema aja satchula. Mitundu ina ya Palythoa ndi Zoanthus ili ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri achilengedwe. Amalowera pa bala, m'maso, ngakhale mu nthunzi ngati munthu awiritsa mwala womera makoraliwa, ndipo kunja mabanja athunthu agonekedwapo m'chipatala pa chifukwa chimenechi. Mankhwala ake enieni kulibe.

Zimene thanki yamchere imafuna

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse, kotero thanki ya malita 200 imadya makilogalamu 7 pa tsiku loyamba lokha. Mchere wa kukhitchini sugwira ntchito. Umafunika wosakaniza mwapadera, wokhala ndi kashiamu, magineziyamu ndi zina zimene korali amamangira thupi, ndipo umachokera kunja. Madzi ake amayamba adutsa m'makina osefa asanasakanizidwe, ndipo pa masabata awiri aliwonse gawo limodzi mwa magawo 10 limasinthidwa, mchere wina n'kulowanso. Pamafunikanso nyale zowala mwapadera maola 8 mpaka 10 pa tsiku, mapampu oyendetsa madzi usana ndi usiku motsanzira mafunde, zipangizo zoyezera madzi, komanso, kumadera otentha, makina oziziritsa kuti madzi asachoke pakati pa madigiri 24 ndi 27.

Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pomwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Zonse zimayenderanso magetsi. Akazima kwa maola angapo, madzi amaima, mpweya umachepa, kutentha kumasintha, ndipo khama la miyezi yambiri limatha usiku umodzi. Aliyense wodziwa mmene magetsi amazimira m'dziko muno aona yekha kuti ndalama zambiri zidzathera pa sola, mabatire ndi inveta korali woyamba asanalowe n'komwe m'madzi.

Kwa munthu wa ku Karonga, nyanja yamchere imamveka ngati ili pafupi chifukwa amalonda amapita ku Dar es Salaam sabata ndi sabata. Chipata cha Songwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera pa boma, koma kuchoka pamenepo kukafika ku Dar es Salaam kudzera ku Iringa ndi Morogoro ndi makilomita oposa 900. Korali wotsekeredwa m'jumbo, m'basi yotentha, pa ulendo wa tsiku lathunthu kapena kupitirira, amafika atayamba kuola.

Ndipo pali lamulo. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyendetsa malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa chiopsezo, lomwe lidasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo dziko la Malawi lidalowamo mu 1982. Kuolotsa malire korali wolimba, kaya wamoyo kaya chigoba chake chouma chogulidwa pa gombe ngati chokongoletsera, kumafuna chilolezo cha dziko limene akuchokera. Kuno nkhani za CITES zimayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Makorali ofewa ambiri sali pa mndandandawu, koma kamwala kamene amerapo kawirikawiri kamakhala chigoba cha korali wolimba, choncho lamulo limawapezabe. Kulowetsa nsomba zamoyo zoti zikhale nawo m'thankimo kumafunanso chilolezo cha nthambi ya za usodzi. Amene watsimikiza mtima, ali ndi magetsi odalirika ndi thumba lokwanira, njira yake ndi ya ndege kuchokera kwa ogulitsa ovomerezeka a ku South Africa, mapepala onse ali m'manja. Imeneyo si njira ya woyamba kumene.

Matanthwe a kummwera kwa Karonga

Chilumba ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 70 kummwera kwa boma la Karonga, m'dera la T/A Wasambo, ndipo ndi doko lomaliza la kumpoto kumene sitima ya Ilala imatembenukira. Kwa ambiri a ife ndi dzina la doko, la sukulu ya sekondale ndi la malo a asilikali. Kwa oweta nsomba zokongoletsa kunja ndi khomo la maina amene amawatchula ngati adabadwira komweko: zilumba za Chitande, Chirwa ndi Katale, matanthwe a Mphanga, Luwino ndi Chewere, ndipo chakumpoto Mdoka ndi Ngara. Maina amenewa amalembedwa pa mathanki a m'masitolo a ku Europe motsatana ndi dzina la nsomba, chifukwa malo amene nsomba yachokera ndiwo amanena maonekedwe ake ndi mtengo wake.

Nsomba za m'matanthwe zimatchedwa mbuna. Mchewa akamva liwuli amaganiza za dzenje lokolera nyama, koma dzinali lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo lidalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa Geoffrey Fryer, amene adafufuza nsombazi kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Lero liwu lakuti mbuna limamveka m'Chijeremani ndi m'Chifalansa osasintha. Dzina lina lakwathu, chindongo, lidaperekedwa kwa gulu lina la nsombazi mu 2016. Mbuna ndi abale a chambo, utaka ndi mcheni m'banja la cichlid. Asayansi amati nyanja yathu ili ndi mitundu yosachepera 700 ya banjali, ena amafikitsa chiwerengerocho pa 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Thanthwe lililonse limakhala ndi nsomba zakezake chifukwa mbuna ndi zokakamira pakhomo. Zimadya ndere zomera pa miyala, zimabisala m'ming'alu, ndipo sizilola kuoloka mchenga wapoyera kapena madzi akuya kumene zingagwidwe ndi nsomba zolusa. Ana ake satengedwa ndi mafunde monga amachitira ana a nsomba zambiri za m'nyanja yamchere, chifukwa mayi amafukatira mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu osadya, n'kudzawalavula pa thanthwe lomwelo. Pakapita mibadwo yambiri, nsomba za matanthwe awiri otalikirana makilomita ochepa zimasiyana mtundu, monga mmene kalankhulidwe kamasinthira munthu akaoloka mtsinje. Kumpoto kwa Ngara, gombe la Karonga ndi la mchenga ndi matope a mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe, n'chifukwa chake chuma chimenechi chidaunjikana kummwera kwa bomali.

Ku Ngara ndi Mdoka kumachokera Aulonocara stuartgranti imene yaimuna yake imakhala yabuluu, mimba ndi m'mbali mofiirira ngati lawi la moto. Ya ku Chilumba ya mtundu womwewo ndi yabuluu pafupifupi thupi lonse. Amalonda amazitcha dzina la mbalame ya pikoko. Izi si mbuna zenizeni. Zimakhala pamene thanthwe lakumana ndi mchenga, zimaima duu pamwamba pa mchengawo kumvetsera tizilombo tokwiririka pogwiritsa ntchito timabowo ta kumutu, kenako n'kujompha. Pa chilumba cha Chitande pali Aulonocara ethelwynnae, yotchedwa dzina la Ethelwynn Trewavas, katswiri wa ku Britain amene adathera zaka zambiri akusanthula nsomba za m'nyanja ino. Ku Mdoka kuli Placidochromis phenochilus ya milomo yoyera ngati yanyambita ufa, ku Ngara kuli acei ya mchira woyera imene imayenda m'magulu kudya ndere pa mitengo yomira, ndipo ku Chewere ndi Mphanga kuli mbuna zazitali thupi, zakuda ndi zabuluu, za mchira wachikasu.

Malonda amene adapita ndi ena

Nsomba zamoyo za m'nyanja ya Malawi zidayamba kutumizidwa ku Europe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Dzina lodziwika kwambiri pa malondawa ndi la Stuart Grant, amene adakhazikika pa Kambiri Point ku Senga Bay m'boma la Salima ndipo adatumiza nsomba kunja kwa zaka zoposa 30 kufikira imfa yake mu 2007. Aulonocara stuartgranti idatchedwa dzina lake mu 1985. Ntchito yolowa pansi pa madzi ankagwira ndi Amalawi, ndipo mmodzi mwa iwo, Saulos Mwale, dzina lake lili pa nsomba ya Chindongo saulosi, imene Ad Konings adailongosola mu 1990.

Nsomba imeneyi ikuonetsa mbali yowawa ya malondawa. Imapezeka pa thanthwe limodzi lokha la Taiwanee, pakati pa nyanja chakumpoto kwa chilumba cha Chizumulu, ndipo idagwidwa kwambiri moti idatsala pang'ono kutha, mpaka zina zoswedwa m'mathanki zidachita kubwezeredwa pa thanthwelo. Kauniuni wa bungwe la IUCN wa mu 2018 adapeza kuti mwa mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi imene idaunikidwa, 9 pa 100 iliyonse ili pa chiopsezo chachikulu chakutha. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa mu 1980 ndi kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984, ali kummwera, ku Cape Maclear ndi zilumba zoyandikira. Matanthwe a ku Karonga sali m'menemo. Chitetezo chawo chili m'manja mwa lamulo la za usodzi, ofesi ya za nsomba ya pa boma ndi makomiti a m'madoko a asodzi, pomwe mtundu wa nsomba umene dziko lake lonse ndi thanthwe limodzi sufuna nthawi yaitali kuti uthe.

Chodandaulitsa china n'chakuti mbuna zambiri zogulitsidwa pa dziko lero sizidaionepo nyanja ya Malawi. Zimaswedwa m'maiwe a ku Florida, m'mathanki a ku Czech Republic ndi m'mafamu a ku Thailand ndi Singapore. Labidochromis caeruleus yachikasu, imene kwawo ndi ku Lion's Cove m'boma la Nkhata Bay ndipo ili m'gulu la mbuna zogulitsidwa kwambiri, idafalikira pa dziko itaswedwa ku Burundi m'zaka za m'ma 1980. Mbewu ndi yathu, phindu likudyedwa kwina. Mmalawi woweta ndi kuswetsa nsombazi pakhomo akuphunzira luso limene ena adalemera nalo kalekale.

Kuyamba thanki ya matanthwe

Thanki yabwino yoyambira ndi yotalika masentimita 120, ya malita pafupifupi 200. Yaing'ono imaoneka yotchipa koma imavuta, chifukwa mbuna zazimuna zimateteza malo awo ndipo yofooka imasowa kothawira. Odula magalasi a mawindo m'matauni akhoza kuipanga ndi galasi lochindikala mamilimita 8 mpaka 10, lomatidwa ndi silikoni wopanda mankhwala oletsa chuku. Silikoni wa kubafa amapha nsomba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki yotere pamodzi ndi miyala ndi mchenga imayandikira makilogalamu 300. Tebulo la pabalaza silingathe. Pamafunika choikapo chachitsulo chowotcherera kapena cha njerwa, chosapendekeka, kutali ndi dzuwa la pawindo.

Pamene woweta makorali akuitanitsa mchere kunja, woweta mbuna amapeza zambiri pa mtengo wa matola okha. Mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino umakwana. Miyala ya kuphiri kapena ya kumalo oswa miyala imakwananso, bola ikhale yopanda mizere ya dzimbiri kapena kunyezimira kwa chitsulo, ndipo ikwechedwe ndi madzi okha popanda sopo. Ikhazikike pa galasi lapansi mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mulu woyalidwa pa mchenga umagwa n'kuswa galasi. Iunjikidwe mpaka kupitirira theka la thanki, mapanga akhale ambiri kuposa nsomba. Kuzula miyala m'nyanja momwemo n'kugwetsa nyumba za nsomba zomwezo, ndiponso m'madzi odekha a m'mbali mwa nyanja muli nkhono zofalitsa likodzo.

Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo pamwamba amatentha madigiri 24 mpaka 29. Ngati pH ya madzi a kwanu ili yotsika, timiyala ta laimu kapena zigoba za nkhono zowiritsa zoikidwa mu sefa zimaikweza. Mwala wa laimu umadziwika pothirapo viniga, umachita thovu. Kunja oweta mbuna amagula mchenga wa makorali ophwanyidwa pa ntchito yomweyi, chinthu chosafunika kwa ife. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndiye ayenera kugonera m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena kuthiridwa mankhwala ochotsa kloriniyo. Ku Karonga, Salima ndi Mangochi chotenthetsera madzi sichifunika kwenikweni. Vuto ndi kutentha kwa October ndi November, kumene fani youzira pamwamba pa madzi imathandiza. Ku Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre chotenthetsera chimafunika mu June ndi July.

Chimene chimapha nsomba zambiri za oyamba kumene ndi phuma. Zonyansa za nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya okhala mu siponji ya sefa amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndi ena osandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savulaza kwambiri ndipo amachoka posintha madzi. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Thanki iyambe yayenda yopanda nsomba, mukuponyamo kachakudya pang'ono kuti kaole, kapena mupemphe siponji yakale kwa mnzanu amene thanki yake ilibe matenda. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Siponjiyo isamatsukidwe pa mpopi, koma m'madzi otungidwa m'thanki momwemo, ndipo sabata iliyonse gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi lisinthidwe. Magetsi akazima, kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamasunga mbuna kwa maola ambiri, bola zisadyetsedwe tsiku limenelo.

M'thanki ya malita 200 mukhoza kukhala nsomba 12 mpaka 15 za mitundu iwiri kapena itatu yosafanana maonekedwe, yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Labidochromis yachikasu ndi acei ndi zofatsa, zoyenera woyamba. Melanochromis auratus ndi yokongola koma yandewu, ndipo ikhoza kutha zinzake. Mapikoko akasakanizidwa ndi mbuna zolusa amazimirira mtundu n'kumangobisala pakona, choncho ndi bwino kusankha gulu limodzi. Aulonocara ya ku Ngara isaikidwe pamodzi ndi ya ku Chilumba kapena ya kwina, chifukwa zazikazi zake ndi zotuwa mofanana ndipo zimaswana, ana ake n'kukhala opanda kwawo ndi opanda mtengo.

Mbuna zambiri zili ndi matumbo aatali a nyama yodya zomera. Zimafuna chakudya cha m'sitolo chokhala ndi ndere za spirulina, kapena nsawawa zowiritsa zosenda ndi masamba ofewa ofutsa, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chongokwana kutha m'mphindi imodzi. Nsima, buledi ndi nyama zimaipitsa madzi ndi kutupitsa mimba. Nthenda yotupa mimbayi oweta a kunja adaitcha Malawi bloat, ulemu umene dziko lino silidapemphe.

Nsombazo zichoke kuti

Apa ndi pamene ambiri angalakwe poganiza kuti nyanja ndi ya tonse. Kugwira nsomba zamoyo zokongoletsa kuti zigulitsidwe kumafuna laisensi ya nthambi ya za usodzi, ndipo poyambira pabwino pa funso lililonse ndi ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu. Kugula pa doko la Ngara nsomba yowala imene yakodwa m'chilimira kapena m'matchera n'kutaya ndalama. Imakhala itanyuka mamba, ndipo yochokera pakuya ikakwezedwa mofulumira, kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma ndipo kawirikawiri siichira. Ogwira nsombazi mwaukadaulo amazikweza pang'onopang'ono m'migolo yomizidwa, kwa masiku angapo, kenako amazisunga padera kuziyang'anira matenda zisanagulitsidwe.

Njira yotchipa ndiponso yosaononga thanthwe ndi ya ana oswedwa m'thanki. Mbuna yaikazi imodzi imalavula ana 10 mpaka 40 malinga ndi mtundu ndi msinkhu wake, kangapo pa chaka, ndipo woweta amene zinthu zikumuyendera sachedwa kusowa kowaika. Mwambo wa oweta makorali wopatsana tizidutswa uja ungathe kugwira ntchito kwathu pa nsomba zimenezi, popanda ndege kapena dola. Wogula afunse dzina la mtundu ndi malo amene makolo ake adachokera, aione nsombayo ikudya, akane ya mimba yolowa m'kati, ya madontho oyera pa thupi kapena yopinda zipsepse, ndipo aisunge payokha masabata awiri kapena atatu asanaiphatikize ndi zinzake. Pa ulendo wautali, monga wa makilomita pafupifupi 600 kuchoka ku Karonga kukafika ku Lilongwe, nsomba isadye kwa tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe, ndipo iyende m'jumbo lochindikala lokhala ndi madzi gawo limodzi ndi mpweya magawo awiri, m'katoni yotseka.

Nsomba ya m'thanki ikakukwanani, isatayidwe m'nyanja, mumtsinje kapena m'damu. Yachilendo ikhoza kuchita zimene idachita Nile perch m'nyanja ya Victoria, kumene itaikidwa m'zaka za m'ma 1950 idathandiza kufafaniza mitundu pafupifupi 200 ya abale a mbuna. Yakwathu yomwe imaononga ikaikidwa pa thanthwe la eni. M'zaka za m'ma 1960 nsomba za Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zidatulutsidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Zidakhazikika, zidafalikira kuzungulira chilumbacho, ndipo ofufuza adapeza pambuyo pake kuti zidaswana ndi mbuna zamizere za komweko. Nsomba ya ku Chitande imene yakanika kusungidwa ku Lilongwe iperekedwe kwa woweta wina, osati kukaimasula ku Senga Bay pa tchuthi cha Khirisimasi.